Masabata 8 okonzekeretsa thupi musanalowe m'bwalo la rugby

Tsiku loyamba limene ndinapita kokaphunzira rugby ndinkadziona ngati munthu wolimba. Ndinali nditazolowera kuthamanga m'mawa kuchoka ku Katoto kulowera ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, n'kubwerera, ndipo mpira wa miyendo ndinkaumenya Loweruka lililonse mpaka mphindi 90 kutha osapempha kutuluka. Kochi anatiimika pamzere n'kutiuza kuti akaimba wezulo tigone chafufumimba, tidzuke, tithamange mamita 10, tigonenso. Basi. Palibe anandigunda, mpira sindinaukhudze n'komwe. Zisanathe mphindi 10 ndinali nditagwira m'mawondo kumbali kwa bwalo, tiyi ndi mbatata za m'mawa zikutuluka momwe zinalowera. Kochi uja podutsa anangoti, "Achimwene, kuthamanga mumatha. Kudzuka ndiye simunaphunzire."

Malangizo onse ali m'munsimu achokera pa mawu amenewo. Rugby ya anthu 15 mbali iliyonse imatenga mphindi 80, zigawo ziwiri za mphindi 40. Ya anthu 7, imene inalowa m'masewera a Olympics mu 2016, chigawo chake ndi mphindi 7 zokha, koma bwalo ndi lomwelo, ndiye pobisala palibe. Monsemo munthu suthamanga liwiro limodzi ngati wa mtunda wautali. Umathamanga mamita ochepa ndi mphamvu zonse, kugundana ndi mnzako, kugwa, kudzuka, kubwerera pamzere, n'kuyambiranso. Lamulo limatinso amene ali pansi sangasewere mpira mpaka ataimirira. Mukachedwa kudzuka, timu yanu yatsala ndi anthu 14 ngakhale woimbira sanatulutse aliyense.

Musanayambe: thanzi lanu ndi malo anu

Ngati muli ndi mphumu, BP kapena shuga, ngati munakomokapo mukuthamanga, kapena pachifuwa pamapweteka mukamakwera chitunda, yambani mwaonana ndi adokotala. China chimene anthu amaiwala kuno kwathu ndi malungo. Malungo amatha kutupitsa kapamba, ndipo kapamba amakhala kumanzere m'munsi mwa nthiti, pomwe phewa la mnzanu limafikira akamakugwetsani. Kapamba wotupa akagundidwa amatha kuphulika. Mukadwala malungo, malizani LA yense, mupume, ndipo musabwerere ku zogundana adokotala asanakuloleni.

Kenako dziyang'aneni pagalasi mosadzinyoza. Rugby ili ndi malo a thupi lililonse. Nambala 1 mpaka 8 ndi akutsogolo, anthu okankhana pa scrum (pomwe magulu awiri amakolana ataweramira n'kumakankhana) ndi kulimbirana mpira. Nambala 9 mpaka 15 ndi akumbuyo, anthu a liwiro ndi manja opepuka. Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare, chimunthu chojintcha, ankavala nambala 1 mu timu ya South Africa imene inatenga chikho cha dziko lonse mu 2019. Mu ndime yomaliza yomweyo, pomwe anagonjetsa England 32-12, Cheslin Kolbe, kamunthu kakafupi koti mungakadutse pa msika wa Zigwagwa osakacheukira, anagoletsa try, komwe ndi kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani. Choncho musawononge masabata 8 awa pofuna kukhala ndi thupi la munthu wina. Wonenepa asadzimane chakudya, wochepa thupi asamwe zinthu zosadziwika kuti afufume. Izi n'chimodzimodzi kwa asungwana ndi amayi, amenenso amasewera ndi malamulo omwewa.

Sabata 1 ndi 2: lidzutseni thupi

Katatu pa sabata, tulukani kwa mphindi 20 mpaka 30. Thamangani pang'onopang'ono mphindi ziwiri, yendani mphindi imodzi, mobwerezabwereza. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kucheza ndi mnzanu uku mukuthamanga. Ngati mawu akuduka, mwafulumira.

Mzuzu uli pamtunda woposa mamita 1,200 kuchokera pamene nyanja ya mchere imalekezera, ndiye amene mwangobwera kumene kuchoka kunyanja, kaya ku Nkhata Bay kaya ku Karonga, masiku oyamba mpweya uzikutherani msanga. Musadabwe, thupi lizolowera. Sankhani bwalo la kapinga kapena msewu wafumbi kusiyana ndi tala, chifukwa tala amapweteketsa miyendo ya munthu amene sanazolowere. Ngati palibe kuchitira mwina koma kuthamanga mu M1, khalani kudzanja lamanja kuti magalimoto obwera muziwaona, ndipo m'bandakucha valani chowala. A kabaza ambiri alibe nyali.

Kutenthetsa thupi musakudumphe, makamaka mu June ndi July pamene kuno kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Mnofu wozizira sukana kung'ambika. Mphindi 10 zikwana: kuthamanga mopepuka, kukweza mawondo, kumenyetsa zidendene m'matako, kuyenda cham'mbali, kuzunguza mapewa ndi chiuno, kenako kuthamanga mamita 30 katatu, ulendo uliwonse mofulumirako. Kudziwongola mutaima malo amodzi kusiyireni kumapeto.

Kutha kwa sabata yachiwiri: dziyeseni

Pali mayeso amene osewera rugby amawatcha Bronco. Safuna chida china koposa foni yowerengera nthawi. Ikani chizindikiro poyambira, china pa mamita 20, china pa 40, china pa 60. Mabotolo kapena nsapato zimagwira ntchito. Ngati mulibe tepi yoyezera, yendani mapazi aatali, phazi limodzi ngati mita imodzi. Chachikulu n'choti ulendo wina mudzayeze chimodzimodzi. Thamangani kukafika pa 20 n'kubwerera, pa 40 n'kubwerera, pa 60 n'kubwerera. Ulendo umodzi umenewo ndi mamita 240. Chitani kasanu osaima, akwane mamita 1,200.

Beauden Barrett wa ku New Zealand anamaliza mu mphindi 4 ndi masekondi 12 mu 2020. Ine ulendo woyamba ndinadutsa mphindi 7, ulendo wachisanu ndikuchita kukoka miyendo. Nambala ya Barrett ingoidziwani kuti muzicheza nayo. Yofunika ndi yanu. Ilembeni, ndi tsiku lomwe.

Sabata 3 mpaka 8: kuthamanga kwa rugby

Apa ndi pamene tikusiyana ndi othamanga mumsewu. Kawiri pa sabata, mukatha kutenthetsa thupi, chitani chimodzi mwa izi, mosinthasintha.

Choyamba ndi kugona n'kudzuka kuja kunandisanzitsa. Gonani chafufumimba pamzere. Dzukani, thamangani mamita 10, chifuwa pansi, dzukani, bwererani, chifuwa pansi. Chitani kwa masekondi 30, mupume masekondi 60. Yambani ndi maulendo 6. Sabata iliyonse onjezani umodzi, ndipo mukafika pa 10 yambani kudula nthawi yopuma, kuchoka pa 60 kufika pa 45, kenako 30. Samalani kadzukidwe. Ambiri tikatopa timayamba ndi bondo limodzi, kenako linzake, kenako dzanja pa ntchafu ngati agogo akuchoka pa mphasa. Ikani zikhato pansi pafupi ndi nthiti, kankhani, mapazi onse awiri alowe pansi pa chiuno nthawi imodzi, mutu uli kale m'mwamba kuyang'ana komwe mukupita. Mukaona kuti kadzukidwe kawonongeka, lekani, mupume, muyambenso bwino. Thupi limasunga chimene mwalibwerezera, choipa ndi chabwino chomwe.

Chachiwiri ndi chitunda, ndipo pa ichi Mzuzu sunatimane. Ku Masasa, ku Mchengautuwa, kulowera ku Kaning'ina, paliponse mupeza kamtunda kokwera masekondi 10 mpaka 15. Kwerani mwamphamvu, tsikani mukuyenda, kasanu ndi kamodzi poyamba, mpaka kufika ka 10. Ubwino wa chitunda ndi woti chimakukakamizani kuweramira kutsogolo ndi kuponda mapazi afupiafupi amphamvu, omwe ndi mapondedwe a munthu amene akulowa mu tackle, kugwira ndi kugwetsa mdani amene ali ndi mpira. Sichilolanso kuti mufike pa liwiro long'amba mnofu wa kuseri kwa ntchafu.

Chachitatu ndi kuthamanga utali wa bwalo la mpira mwachangu koma osati ndi mphamvu zonse, n'kubwerera mukuyenda, maulendo 8 mpaka 12.

Kuthamanga kwa mtunda wautali musakutaye, koma kamodzi pa sabata kwa mphindi 30 n'kokwanira.

Mphamvu, ngakhale mulibe ya jimu

Amene muli ndi ndalama ya jimu pitani, ndipo mupemphe wodziwa akuonetseni kanyamulidwe ka zitsulo. Enafe tili ndi chigubu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 20 chodzaza ndi makilogalamu 20, ndipo mutha kuchepetsa kapena kuonjezera madzi malinga ndi mphamvu zanu. Thumba la mchenga lomangidwa bwino ndi labwino koposa, chifukwa limagwedera m'manja ngati munthu amene sakufuna kugwidwa.

Kawiri pa sabata, masiku osatsatizana kuti minofu ipeze maola 48 ochira, chitani izi, chilichonse maulendo atatu.

Kunyonyomala n'kuimirira mutakumbatira chigubu pachifuwa, ka 10 mpaka 12. Zidendene zisachoke pansi, msana usapindike, mawondo asagwere mkati. Sabata ziwiri zoyamba chitani manjamanja. Kenako kuponda phazi lalitali kutsogolo mpaka bondo lakumbuyo litatsala pang'ono kukhudza pansi, ka 8 mwendo uliwonse. Mapushapu, ochuluka momwe mungathere chiuno chisanagwe. Kudzikoka pa nthambi yolimba kapena pa chitsulo chozikika bwino, koma osati pa golo yosakhazikika, imeneyo imagwera munthu. Ngati simungathe kudzikoka ngakhale kamodzi, weramani n'kumakokera chigubu kumimba. Kunyamula zigubu ziwiri, china dzanja ili china ili, n'kuyenda mamita 40 mapewa ali chilili. Amene anakula akutunga madzi pa mjigo aseka, koma zala zimene zimagwira jezi ya mdani osataya zimachokera pamenepa.

Pa mimba ndi msana, iwalani zodzipinda ka 100. Tsamirani pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lowongoka ngati thabwa, masekondi 30 mpaka 45, kenako cham'mbali. Onjezani kukwawa ndi manja ndi mapazi, mawondo osakhudza pansi, mamita 15 kupita ndi 15 kubwerera chafutambuyo. Kumaoneka ngati masewera a ana, koma ndi mmene thupi limakhalira pa scrum ndi pa ruck, pomwe anthu amalimbirana mpira uli pansi wina akagwetsedwa.

Pali chimodzi chofuna mnzanu. Gwadani pa chinthu chofewa, iye akugwireni akakolo mwamphamvu, inu muzigwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili lowongoka kuchokera m'mawondo, mpaka mutalephera n'kudzilandira ndi manja. Amachitcha Nordic, ndipo chimadziwika poteteza mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Yambani ndi katatu kapena kanayi kokha. Ndanena ndithu, kanayi. Mukachita matama n'kupanga ka 15, mawa lake kukwera minibasi ikhala nkhani.

Khosi, kugwa ndi tackle

Gawo ili ndi limene oyamba kumene amalidumpha chifukwa silitulutsa thukuta, koma ndi limene lingakusungeni.

Khosi lilimbitseni kawiri pa sabata. Ikani chikhato pamphumi, kankhani mutu ku dzanja, dzanja likane, mutu osasuntha, masekondi 10. Chitani chimodzimodzi kunkhongo, kumanzere ndi kumanja, katatu mbali iliyonse. Yambani ndi theka la mphamvu zanu. Zoimirira ndi mutu kapena kugudubuzika pa khosi zimene mumaona pa intaneti zisiyeni.

Kugwa kumaphunziridwa. Pa kapinga wofewa, mpira mutaukumbatira ndi manja awiri, gwerani cham'mbali: bondo, chiuno, kenako phewa, chibwano chili pachifuwa. Musatambasule dzanja kuti mudzitchinjirize, chifukwa ndi mmene anthu amathyokera pamkono ndi kugulula phewa. Yambani mutagwada, kenako mutanyonyomala, kenako mukuyenda. Mbali zonse ziwiri, ndipo kugwa kulikonse kuthere pa kudzuka msanga. Nyengo ya mvula, imene kuno imakakamira mpaka April, ndi yabwino pa zimenezi chifukwa pansi pamafewa. Zochapa zichuluka, koma walira mvula walira matope. Mu September ndi October bwalo limauma gwaa, ndiye sankhani malo, ndipo muyambe mwaliyendera n'kutola miyala, mabotolo osweka ndi zisonga.

Tackle yeniyeni ndi scrum muphunzire pamaso pa kochi, osati awiriwiri kuseri kwa nyumba. Koma mfundo zake zidziweni musanapite. Maso akhale otsegula, mutu m'mwamba, msana wowongoka, mawondo opinda. Yandikirani ndi mapazi afupiafupi, phazi lotsogola lifike pafupi ndi mnzanuyo. Phewa limenye pa ntchafu kapena m'chiuno, manja amukulunge, chifukwa kugunda ndi phewa lokha osakulunga ndi mlandu. Mutu wanu upite kumbali kapena kumbuyo kwake, tsaya lanu ligunde thako lake, osati kutsogolo kwa mawondo ake. Ine ndinalakwitsapo izi kamodzi, ndinaika mutu kutsogolo kwa munthu wothamanga, bondo lake linandipeza pa khutu, ndipo ndinadzuka ndikufunsa anzanga kuti tikugoletsera mbali iti. Mu 2023 bungwe la World Rugby linalimbikitsa mayiko kuyesa lamulo loti m'masewera a m'madera tackle izikhala m'munsi mwa fupa la pakati pa chifuwa, pofuna kuchepetsa kugundana mitu. Zolowerani kutsika kuyambira tsiku loyamba.

Funso langa lija linali chizindikiro choti ubongo wagwedezeka. Sizilira kuti munthu akomoke. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuiwala zimene zangochitika, chimodzi mwa izi chikaoneka, munthuyo atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale alumbire kuti ali bwino. Akayamba kusanza, kuodzera kosadzutsika, kapena kudandaula khosi ndi dzanzi m'manja, ndi wa kuchipatala msangamsanga, kaya ku Mzuzu Central kaya china chapafupi. Amene wagwa n'kumadandaula khosi musamunyamule mwachisawawa. Tsiku lobwerera m'bwalo anene ndi adokotala, osati anzanu a timu.

Chakudya, madzi ndi tulo

Nsima musaiope, ndiyo mafuta a galimoto. Ya mgaiwa, kondowole, mpunga wa ku Karonga, mbatata, chinangwa, nthochi, zonsezi zimabwezera mphamvu. Chimene chimaperewera m'mbale zathu zambiri ndi ndiwo zomanga thupi. Munthu amene akufuna kumanga minofu amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 70, ndiye kuti magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mazira okha sangakufikitseni, thumba lingayambe kulira. Phatikizani: usipa kapena bonya, nyemba, soya pieces, mtedza ndi chiponde, chambiko, nyama ikapezeka. Chofunika n'choti m'mawa, masana ndi madzulo, m'mbale mukhale chimodzi mwa izi chooneka ndi maso, osati kongonunkhiritsa nsima. Masamba ndi zipatso musasiye.

Maufa a m'zitini odula aja si oyambira. Mapiritsi ndi majekeseni okuza minofu amene ena amagulitsana mobisa ndi oletsedwa m'masewera, ndipo amawononga mtima ndi chiwindi.

Madzi imwani tsiku lonse, ngakhale kukuzizira ndipo ludzu simukulimva. Mkodzo ukakhala wachikasu chodera, mwatsalira. Mowa mukangovulala umaonjezera kutupa. Tulo maola 7 mpaka 9, chifukwa minofu imakula mukugona, osati mukunyamula chigubu.

Mmene sabata ingayendere

Lolemba mphamvu ndi khosi. Lachiwiri kugona n'kudzuka. Lachitatu pumani, kapena ponyeranani mpira ndi mnzanu, mbali zonse ziwiri, pokumbukira kuti mu rugby mpira suponyedwa kutsogolo. Lachinayi mphamvu, khosi ndi kuphunzira kugwa. Lachisanu chitunda. Loweruka kuthamanga kofatsa, kapena kamasewera kongokhudzana m'malo mogwetsana. Lamulungu kutchalitchi ndi kupuma. Ngati timu imene mwalowa imakumana kawiri pa sabata, masiku amenewo alowe m'malo mwa Lachiwiri ndi Lachisanu, musasanjikize. Sabata yachisanu chepetsani zonse ndi theka kuti thupi lipezenso mphamvu.

Siyanitsani zowawa ziwiri. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mawa lake n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwabwinobwino, yendaniyendani kuchoka. Kubaya kwa malo amodzi, m'bondo, pa kakolo kapena paphewa, makamaka pakatupa, ndi chenjezo. Mukabinya, lekani pomwepo, ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15, mangani bandeji, mwendo ukhale pamwamba. Ngati simungathe kupondera, kajambulitseni.

Sabata 8 ndi chikwama cha tsiku loyamba

Bwererani pa bwalo lomwe lija, nthawi yomwe ija, ndi mabotolo anu anayi, mubwereze Bronco. Mukatha, pumani mphindi 10, kenako muone ngati mungachite kugona n'kudzuka maulendo 10 osayamba kudzukira bondo limodzi. Zimenezi zikatheka, mwakonzeka kuyamba zogundana pang'onopang'ono pamaso pa kochi. Zikakanika, onjezani masabata awiri, bwalo silithawa.

Nsapato za mpira wa miyendo zokhala ndi mapulo n'zokwanira poyamba, ndipo pa kaunjika zimapezeka. Yendetsani chala pa pulo iliyonse, ikakhala yakuthwa woimbira akukanizani, ndipo akhala akulondola. Kabudula akhale wolimba wopanda zipi, malaya akhale oti akang'ambika simudandaula. Choteteza mano ndicho chokhacho ndingakuuzeni kuti musanyengerere. Chotsika mtengo chija mumachiviika m'madzi otentha monga alembera pa paketi, kuchiika m'kamwa, kuluma, n'kuchikanikiza ndi zala ndi lilime mpaka chigwire mano osagwa mukatsegula pakamwa. Chivaleni pa kuthamanga kwa masabata awiri omaliza kuti muzolowere kupuma nacho. Wengani zikhadabo, vulani ndolo, mphete ndi wotchi, tengani botolo lanulanu la madzi ndi juzi yovala mukamaliza, poti mphepo ya madzulo kuno siichedwa kulowa m'thupi lonyowa.

Mbatata kapena nsima idyeni kukadali maola atatu kuti muyambe. Likatsala ola limodzi, nthochi imodzi basi.